Abale akabwera kudzacheza ku Mzuzu nyengo yotentha: mmene mungawayendetsere

Kuyambira Okutobala mpaka tchuthi cha Khirisimasi, makomo ambiri a ku Mzuzu amalandira alendo: amayi ochokera ku Dedza, alamu a ku Chikwawa othawa dzuwa, ana a achimwene amene atsekera sukulu. Pa foni amangoti, "Tikubwera, mudzationetse Mzuzu." Wolandira amayamba kuwerenga malo onse otchuka a kumpoto, Nyika, Livingstonia, nyanja, ngati kuti onsewa ali kuseri kwa nyumba, ndipo ulendo umaonongekera pomwepo. Tauni ya Mzuzu ndi yaing'ono, mutha kuizungulira m'mawa umodzi. Malo otchukawo ndiwo ali kutali, misewu yake njokhotakhota. Malangizo awa ndi a alendo 4 mpaka 6, okhala masiku 4 kapena 5, pakati pawo pali wachikulire ndi ana. Pokonza tsiku lililonse muziyang'ana munthu amene amatopa msanga pagulupo, chifukwa iyeyo akafooka, onse abwerera.

Gawo 1: Imbani foni kukadali sabata

Funsani zinthu zinayi ndipo mulembe mayankho: abwera angati, afika liti ndi kubwerera liti, ndani amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, ndani amasanza m'galimoto. Funso la tsiku lobwerera ambiri amaliopa, poti limamveka ngati kuthamangitsa mlendo asanafike. Lifunseni chonchi: "Mayi, ndikufuna ndipemphe tchuthi kuntchito, ndipemphe masiku angati?" Kholo silingakhumudwe nalo. Odwala shuga kapena BP abwere ndi mankhwala a masiku onse, aonjezepo a masiku atatu, osaiwala buku la kuchipatala.

Kenako nenani za zovala, ndipo muumirire, chifukwa sakhulupirira. Munthu wa ku Nsanje kapena ku Salima akamva za juzi mu Okutobala amaseka. Koma Mzuzu ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,250, ndipo ngakhale masana kutenthe, dzuwa likangolowa kamphepo kamayamba kuluma. Mvula ikayamba, m'mawa kumachita chifunga. Aliyense atenge juzi imodzi, nsapato yotseka yosaterera, ndi zovala zopepuka za kunyanja. Dothi la kuno ndi lofiira, likanyowa limaterera ngati therere, makamaka m'timisewu totsetsereka ta ku Masasa, Mchengautuwa ndi Zolozolo. Nsapato za ku tchalitchi zinyamulidwe m'jumbo, akazivalire pafupi ndi khomo.

Za ndalama kambiranani ndi munthu mmodzi yekha, amene akutsogolera ulendowo, osati pagulu. Chakudya cha pakhomo ndi chanu, mwambo ndi umenewo. Koma thiransipoti ya kunyanja ndi chakudya cha kumeneko zimatha kudya ndalama zoposa zonse zimene mwagulira pakhomo sabata yathunthu. Mukachita manyazi mulipira nokha, Januwale n'kukupezani mulibe ya fizi. Gwirizanani kuti mafuta kapena galimoto yahayala musonkherana, ndipo ndalamayo ifike pa Airtel Money kapena Mpamba iwo asananyamuke.

Gawo 2: Konzani pakhomo

Mzuzu ndi ya chinyezi. Bulangeti lomwe lakhala m'sutikesi miyezi itatu limatuluka ndi fungo la nkhungu, matiresi a m'chipinda chosagonamo munthu chimodzimodzi. Ziyanikeni padzuwa masiku awiri otsatizana, kuyambira 9 koloko mpaka 2 koloko, muzizitembenuza, ndipo muzilowetse kusanayambe kuzizira. Mlendo aliyense akhale ndi bulangeti lake, agogo awiri. Maneti amangidwe ngakhale inu eni mumati kuno udzudzu ngochepa.

Malo ogona muwagawe alendo asanafike. Apongozi apatsidwe chipinda chomwe sichikuyang'anizana ndi chanu, ndipo ngati bafa ndi imodzi, auzeni mwakachetechete nthawi imene eni nyumba amakhala atamaliza kusamba. Anyamata agone pabalaza, koma mphasa ndi matiresi zizichotsedwa tiyi asanafike.

Madzi ndi magetsi zimatha kuchoka osatsanzika. Tungiranitu zidebe zinayi za malita 20, chimodzi chakumwa chokhala ndi chivundikiro. Pakhale makala kapena gasi, ndi tochi yotchajidwa pafupi ndi bedi la wachikulire. Pa chakudya, ngati nonse pamodzi muli 10 ndipo nsima ndi kawiri pa tsiku, werengerani ufa makilogalamu 4 pa tsiku, kutanthauza 20 pa masiku asanu. Mpunga ndi makilogalamu 2 pa chakudya chimodzi. Shuga wa kilogalamu imodzi sadutsa masiku awiri m'nyumba yomwa tiyi m'mawa ndi madzulo. Zouma gulani zonse pasadakhale. Ndiwo zamasamba ndi nsomba musagule, chifukwa kukagula zimenezo ndi mbali ya kucheza.

Gawo 3: Tsiku lofika musakonze ulendo uliwonse

Kuchokera ku Lilongwe ndi makilomita oposa 350, kudutsa Kasungu, Jenda ndi nkhalango ya Chikangawa. Wa ku Blantyre wakhala pampando tsiku lonse kapena usiku wonse. Akamaimba kuti ali pa Chikangawa, ndiye nthawi yotereka madzi osamba ndi kunyamuka kukawachingamira. Fikani ku depoti basi isanafike. Mlendo wotsika yekha ndi zikwama zitatu ndi mwana kumsana amazingidwa ndi onyamula katundu, ndipo m'chipwirikiti chotero ndi momwe mafoni amasowera. Werengani katundu musanachoke pamalopo.

Kunyumba: madzi otentha, chakudya chimene anazolowera, kupatsana moni bwinobwino, kufunsana za kumudzi, kugona. Kondowole musayambe naye tsiku limeneli.

Gawo 4: Tsiku la m'tauni

Nyamukani cha m'ma 8:30, mudzakhale mutabwerera pofika 1 koloko. Mu Novembala ndi Disembala mvula imakonda kugwa masana, ndipo mu Okutobala dzuwa la masana limafoola achikulire.

Ngati mulibe galimoto, pezani takisi imodzi ya dalaivala amene mumamudziwa, mugwirizane mtengo wa theka la tsiku, wophatikiza kudikira. Njinga zakabaza, zomwe kuno ambiri amazitcha sakaramento, achinyamata amazikonda ndipo ndi njira yabwino yoonera tauni, koma mtengo mugwirizane musanakwere, ndipo mayi wovala chitenje achipinde ndi kuchigwira pamiyendo, chifukwa nsonga yake ikalowa m'masipoko onse awiri agwa. Agogo musawakweze. Ana musawapanikize atatu pa njinga yamoto.

Musanatsike, aphunzitseni mawu ochepa a Chitumbuka. Moni ndi "Monire." "Muli uli?" amayankha kuti "Nili makora, kwali imwe?" Kuthokoza ndi "Yewo" kapena "Tawonga." Pofunsa mtengo amati "Zilinga?" M'tauni aliyense amamva Chichewa, koma mayi wogulitsa tomato akamva mlendo akuyesa chilankhulo chake nkhope imamasuka, nthawi zina n'kuponyapo basera. Achinyamata muwachenjeze padera: kuseka kalankhulidwe ka anthu, kapena nthabwala za mitundu zimene amazolowerana kwawo, kuno musayerekeze. Iwo achoka Lachisanu, inu mutsala ndi anansi anu.

Yambani ndi msika waukulu kukadali kozizira. Kuno muone nthochi zamitundumitundu, chinangwa, usipa wa ku Nkhata Bay, nyemba, ndipo mvula ikagwa, bowa ndi masuku. Mpunga wa Kilombero wa ku Karonga ndi umene alendo ambiri amafuna kupita nawo. Tapani pang'ono, muupukuse m'manja, mununkhize: weniweni umanunkhira usanaphikidwe ndipo njere zake ndi zazitali. Pisani dzanja mpaka pakati pa thumba, chifukwa wosakaniza amaika wabwino pamwamba. Bowa gulani wa mtundu umene inuyo mumaudziwa ndi kuudya. Mlendo asasankhe yekha.

Kuchoka apo pitani ku msika wa Taifa, wodziwika ndi zitenje ndi katundu wochokera ku Tanzania. Apa ndi pamene nthawi imathera, choncho nenani poyambirira kuti mukhalapo ola limodzi, ndipo abambo osafuna zitenje muwapezere pokhala. Poona chitenje, yang'anani mbali zonse ziwiri. Ngati kuseri kuli kotuwa kwambiri, utoto uli pamwamba pokha. Chipukuseni pakona kuti mumve ngati kulimbako ndi kwa nsalu kapena ndi sitachi yomwe ichoke pa kuchapa koyamba. Funsani mitengo pa mabenchi atatu musanatulutse ndalama. Alendo asanyamule ndalama zonse malo amodzi, foni ikhale m'thumba la kutsogolo.

Pofika 11 koloko miyendo yatopa. Khalani pansi pamalo omwera khofi wa Mzuzu. Auzeni alendo kuti khofiyu salimidwa m'tauni muno: amachokera kwa alimi ang'onoang'ono a m'makopaletivu a ku Misuku ku Chitipa, ku Phoka ku Rumphi, m'mapiri a Viphya ndi a Nkhata Bay. Wogula wopita naye kwawo atenge wopera kale, pokhapokha ngati ali ndi chopelera. Amuuzenso kuti si wosungunuka ngati wa m'kabotolo: supuni ziwiri pa kapu, madzi owira, adikire mphindi 4, asefe. Ambiri amakautaya poganiza kuti ngoonongeka chifukwa chosiya nsenga pansi pa kapu.

Pobwerera zungulirani pa galimoto, osatsika pena paliponse: pa wotchi ya pa raundi, sitediyamu, Katoto, kenako msewu wa M1 kulowera ku Luwinga, komwe kuli Mzuzu University, yomwe idalandira ophunzira oyamba mu 1999, ndi chipatala chachikulu cha Mzuzu Central. Ngati pagulupo pali wa Fomu 3 kapena Fomu 4, apa ndiye tsikani, mupemphe pageti kuti aone mkati. Mphindi 20 zimenezi zimamukhalira mumtima kuposa msika. Ofunsa mbiri muwauze kuti tauniyi idamera pa esiteti ya mitengo ya tung, yomwe njere zake amafinyamo mafuta, kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, idakhala mzinda mu 1985, ndipo pa kalembera wa 2018 inali ndi anthu oposa 220,000. Pafupi ndi Moyale Barracks kapena pa rodibuloko iliyonse, mafoni akhale m'thumba, osajambula.

Nkhomaliro ya tsikuli ndiyo ya kondowole. Phikani kampoto kakang'ono pambali pa nsima ya ufa woyera, ndiwo zikhale usipa kapena nsomba ya batala ndi chigwada. Aonetseni kadyedwe kake: kunyowetsa zala, kutema kambamu kakang'ono, kuviika mu msuzi, kumeza osalimbana ndi kutafuna. Wosazolowera amamva kulemera m'mimba, n'chifukwa chake asayambe naye usiku kapena tsiku la ulendo.

Gawo 5: Tsiku la kunyanja

Ulendo waukulu ukhale umodzi, ndipo kwa banja losakanikirana chonchi, Nkhata Bay ndiyo yoyenera. Ili makilomita osakwana 50 pa msewu wa M5, ola limodzi kapena kupitirira pang'ono. Sankhani tsiku la mkati mwa sabata. Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, pa Khirisimasi, pa 26 Disembala ndi pa 1 Januwale kugombe kumadzaza, mowa umachuluka, chakudya chimachedwa, mwana akasowa pagulu simumupeza msanga.

Zokonzekera zichitike dzulo lake. Thirani mafuta okwanira kupita ndi kubwerera, musadalire kukathira kumeneko. Onani mabuleki, madzi a mu injini ndi tayala la sipeya. Msewuwu umatsika mamita oposa 700 kuchoka pa Mzuzu kufika panyanja, makona ndi ambiri. Dalaivala atsike ndi giya yotsika. Kupondereza buleki njira yonse kumatenthetsa mabuleki mpaka kuleka kugwira, ndipo chizindikiro chake ndi fungo la kupserera. Mukalimva, imani pambali kwa mphindi 20. Ngati mukukwera minibasi kapena siyenta, kwa anthu 6 kapena 7 ndi bwino kulipira galimoto yonse, mugwirizane za nthawi yodzakutengani, theka la ndalama mudzapereke pobwerera.

Nyamulani madzi akumwa malita 2 munthu aliyense, zipewa, matawulo, zitenje zoyala pamchenga, zovala zosinthira, majumbo a osanza, ndi majuzi. Majuziwo aoneka opanda ntchito m'mawa, koma madzulo mukamakwera chitunda cha Kaning'ina ana ali ndi tsitsi lonyowa, mudzawafuna. Wosanza akhale kutsogolo, adye pang'ono, asayang'ane pa foni. Nyamukani 7 koloko. Pa Mpamba imani mugule nthochi ndi chinangwa.

Mukafika pa boma, yambani ndi kujeti dzuwa lisanakule. Malowa ali ndi mbiri yolemera: pa 3 Malichi 1959 asilikali a boma la atsamunda adawombera anthu amene adasonkhana pano potsutsa kumangidwa kwa atsogoleri awo, ndipo ndicho chifukwa chake dziko limakumbukira tsiku la 3 Malichi chaka chilichonse. Ana amaphunzira zimenezi m'kalasi; kuima pamalo penipeni n'kuwafotokozera ndi mphatso yosagula. Sitima ya Ilala, yomwe yayenda panyanjayi kuyambira 1951, ikakhala pa doko ndi chionetsero pachokha, koma funsani tsiku lake musanalonjeze ana. Eni dera ndi Atonga, ndipo "Yewu" wawo ndi woyandikana ndi "Yewo" amene alendo aphunzira kale.

Kenako pitani ku gombe la Chikale. Chinthu choyamba mukafika, musanavule nsapato, itanitsani chakudya ndipo munene nthawi imene mukuchifuna. Nsomba ya anthu 10 siipsa mphindi 15. Mukadikira njala kuti ndiyo ikukumbutseni, mudzadya 3 koloko, ulendo wobwerera n'kulowa mumdima.

Pa kusambira musanyengerere aliyense. Nyanja ya ku Nkhata Bay imazama msanga, pali miyala, siili ngati magombe osaya a ku Salima kapena ku Mangochi. Wamkulu mmodzi ayang'anire ana awiri okha, aime m'madzi kapena m'mphepete penipeni, foni ili m'chikwama. Wosadziwa kusambira asapitirire m'chiuno. Amene wamwa mowa asalowe m'madzi, ngakhale akhale amalume olemekezeka; muuzeni mlamu wamkulu pasadakhale kuti iye ndiye adzawaletse. Chubu cha galimoto chimanyenga, mphepo imachikankhira kwakuya mwana ali pomwepo. Bwato la injini kwerani pokhapokha pali majekete oyandamitsa okwanira aliyense, ndipo mukaona kuti ladzaza, dikirani ulendo wina. Agogo akhale pamthunzi, azipatsidwa madzi ola lililonse ngakhale asapemphe, popeza kutentha kwa kunyanja n'kosiyana kwambiri ndi kwa ku Mzuzu.

Nsomba yopita nayo kunyumba igulidwe pomaliza. Tsegulani makha: akhale ofiira, maso owala, mnofu ukadinidwa ndi chala ubwerere. Popanda kula bokisi ya ayezi, gulani yowamba kapena usipa wouma.

Nyamukani pofika 3:30. Madzulo m'mapiri mumagwa mvula kapena chifunga, m'mbali mwa msewu mumayenda anthu ndi njinga zopanda magetsi, ndipo dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko. Ngati muli ndi galimoto yanu ndipo mwadya msanga, mutha kutsatira M5 kulowera ku Chintheche kuti ana aone minda ya mitengo ya labala ya Vizara, ndi timakapu tolandira utomoni pa thunthu. M'mbali mwa msewu amagulitsa mipira yopangidwa ndi utomoni womwewo. Koma izi zidya ola lina, choncho kugombe muchoke 2 koloko.

Gawo 6: Tsiku lotsatira likhale lopepuka

Anthu apsa ndi dzuwa, zovala zachuluka. Chapani m'mawa, ndipo zonse zoyanikidwa panja zisitidwe, makamaka za ana ndi zamkati, chifukwa ntchentche ina imaikira mazira pa nsalu yonyowa, mphutsi zake n'kulowa pakhungu. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo amayi sanakwere basi tsiku lonse kudzaona misewu. Tsiku ili ndi lokhala nawo pakhonde, kusenda nyemba, kumva za maliro ndi maukwati a kumudzi, kuwaonetsa kwa anansi.

Ngati miyendo ikuyabwa, Ekwendeni ili makilomita pafupifupi 20 pa M1. Mishoni ya kumeneko idayamba mu 1889, ndipo achikulire a mpingo wa CCAP amasangalala kuona tchalitchi ndi nyumba zakale za njerwa. Maola atatu akwana. Likakhala Lamulungu, funsanitu nthawi ya mapemphero ndi chilankhulo chake, kuti agogo asakhale maola awiri osamva ulaliki.

Nanga Nyika, Livingstonia ndi Vwaza? Nyika ndi Livingstonia si za tsiku limodzi kwa banja lotere. Msewu wa Gorodi wokwera ku Livingstonia kuchokera pa Chitimba uli ndi makona 20 okhota ngati chigongono, ndipo ngakhale mathithi a Manchewe ndi Stone House ya Robert Laws ndi zoyenera kuona, zimafuna kugona konko ndi galimoto yamphamvu. Vwaza Marsh, kupitirira Rumphi, ndi yotheka ngati alendo ndi achinyamata ndipo mvula sinayambe: mu Okutobala njovu zimabwera kudzamwa pa nyanja ya Kazuni, mvuu zili momwemo. Nyamukani 5 koloko m'mawa, mutenge ziphaso za unzika popeza Amalawi amalipira mtengo wotsika pageti, ndipo musavale zakuda kapena zabuluu chifukwa zimakopa kashembe. Mbali yomaliza ya msewu ndi yafumbi. Mvula ikagwa, galimoto yaing'ono isayese.

Gawo 7: Kutsanzikana

Matikiti a basi gulani kukadali masiku awiri, makamaka kumapeto kwa Disembala. Wosanza mumupezere mpando wa kutsogolo chifukwa cha makona a ku Chikangawa. Usipa ukulungidwe m'nyuzipepala, ulowe m'majumbo awiri, ukhale m'katoni yakeyake kutali ndi zovala ndi khofi, popeza khofi amakoka fungo. Thumba la mpunga lisokedwe pakamwa, lilembedwe dzina ndi nambala ya foni. Makala musawapatse, amalandidwa pa rodibuloko.

Musanawakweze, muuzeni mtsogoleri wa ulendo zinthu ziwiri. Aliyense akatentha thupi mkati mwa masabata awiri kapena atatu, akayezetse malungo tsiku lomwelo ndipo anene kuti anali kunyanja. Amene adasambira akayezetse likodzo pakatha masabata 6 mpaka 8, kapena msanga akaona magazi mu mkodzo. Kamba wa panjira akhale wouma, mbatata yootcha, mtedza, nthochi ndi botolo la madzi, ndipo juzi ya agogo ikhale pamwamba m'chikwama cha m'manja, chifukwa m'Chikangawa mumazizira ngakhale mu Novembala.